Sukulu ndi ntchito zitalowa m'nyumba: zimene banja la ku Matema linaona pa mliri wa Covid-19

Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse za m'dziko la Mozambique zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19. Ana anauzidwa kuti aziphunzirira kunyumba, ndipo patangopita masiku owerengeka ogwira ntchito ambiri anauzidwanso kuti azisinthana masiku opita ku ofesi. Poyamba anthu ankaona ngati ndi nkhani ya mwezi umodzi basi. Koma ana ambiri, makamaka a makalasi oyambirira, anadzabwerera m'kalasi mu Malichi 2021, patatha chaka chathunthu. Nkhaniyi ikufotokoza mmene zinthu zinayendera pa banja lina la ku Matema mumzinda wa Tete, chifukwa chimene kuphunzira pakhomo kunathekera kwa ana ena n'kukanika kwa ena, komanso zimene mabanja a m'midzi ya m'malire angatolepo sukulu zikadzatsekedwanso.

Matema ndi msewu wa kumudzi

Matema ili kutsidya la kumpoto kwa mtsinje wa Zambezi, munthu akawoloka mlatho wa Samora Machel kuchokera pakati pa mzinda. Apa ndi pamene msewu wa N9, wopita ku Chiúta ndi Chifunde mpaka kuchipata cha Cassacatiza m'malire ndi Zambia, umasiyana ndi msewu wa N7 wopita ku Moatize ndi ku Zóbuè m'malire ndi Malawi. Wochokera ku Angónia kapena ku Tsangano ndi matumba a mbatata ya kachewere, kabichi ndi nyemba amadutsa dera limeneli asanafike mumzinda. Mabanja ambiri a kuno ali ndi makolo ndi minda kumaboma amenewo, ndipo ambiri amasunga ana a abale awo amene anabwera kudzaphunzira sekondale. N'chifukwa chake zimene zinachitika m'nyumba za ku Matema zinamvekanso kumidzi.

Banja la m'nkhaniyi ndi la anthu asanu ndi mmodzi. Bambo ndi kalaliki mu ofesi ina ya boma mumzinda. Mayi amagulitsa kachewere, tomato ndi anyezi pamsika. Mu 2020 mwana wawo wamkulu, mtsikana, anali kalasi 12, mnyamata anali kalasi 7, ndipo wamng'ono anali atangoyamba kalasi 2. Wachisanu ndi chimodzi anali mwana wa mlongo wa bambowo, mtsikana wa kalasi 9 wochokera kudera la Dómuè m'boma la Angónia. Nyumba yawo ndi ya zipinda ziwiri ndi pabalaza, yofoleredwa ndi malata. Ili ndi magetsi olipiriratu a Credelec, TV imodzi, wailesi imodzi ndi foni imodzi yokha yotha kulowa pa intaneti.

Mmene malamulo anabwerera

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza pa 11 Malichi 2020 kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse. Pa 20 Malichi, Pulezidenti Filipe Nyusi analengeza kuti sukulu zonse, za boma ndi zoyima pazokha, kuyambira zamkaka mpaka mayunivesite, zitsekedwa kwa masiku 30. Pa 22 Malichi nduna ya zaumoyo, Armindo Tiago, inatsimikiza kuti munthu woyamba wapezeka ndi kachilomboka ku Maputo. Chaka cha sukulu chinali chitangoyamba kumene, moti ana anali asanakwanitse ngakhale miyezi iwiri ali m'kalasi. Ophunzira oposa 8 miliyoni m'dziko lonse anakhala pakhomo.

Pa 1 Epulo dziko linalowa mu lamulo la nthawi ya ngozi, lija ankalitchula kuti estado de emergência. Misonkhano ya anthu ambiri inaletsedwa, mapemphero a m'matchalitchi ndi m'mizikiti anayimitsidwa, malo omwera mowa anatsekedwa, ndipo pamaliro pankaloledwa anthu osapitirira 20. Misika inauzidwa kuti izitseka 5 koloko madzulo. Machapa anachepetsedwa chiwerengero cha anthu okwera. Kuwoloka malire kunavuta kwa anthu wamba, ngakhale magalimoto onyamula katundu ankapitirira kuyenda. M'maofesi munalamulidwa kuti anthu azigwira ntchito mosinthana, gulu lina likhale kunyumba pamene lina lili pantchito. Lamuloli linawonjezeredwa kangapo mpaka kumayambiriro kwa Seputembala, pamene dziko linalowa mu lamulo lina lopepukirapo la calamidade pública.

Ntchito ya bambo, ntchito ya mayi

Mawu akuti kugwirira ntchito kunyumba anamveka kwambiri pawailesi masiku amenewo, koma kwa kalaliki wa ku Matema tanthauzo lake linali lochepa. Ntchito yake ndi ya mapepala ofunika siginecha ndi chidindo, ndipo mafayilo ake amakhala m'kabati ya ku ofesi. Kunyumba analibe kompyuta. Masiku amene sinali nthawi yake yopita kuntchito ankangodikira mafoni ndi mauthenga a pa WhatsApp ochokera kwa akuluakulu ake, kuyankha mafunso, ndi kulemba pamanja zimene adzatayipe akadzabwerera. Foni inkayenera kukhala ndi moto komanso mamega tsiku lonse, ndipo ndalama ya mamegawo inkatuluka m'thumba mwake. Chabwino chinali chakuti malipiro ake a pamwezi sanayime.

Mayi ntchito yawo sikanatheka kulowa m'nyumba. Tomato sadikira, ndipo wogula sabwera pakhomo. Ankadzukabe m'mamawa kupita pamsika atamanga kansalu kotchinga mphuno ndi pakamwa, koma malonda anatsika. Ogula anachepa chifukwa malo odyera ndi ogona alendo analibe anthu, maukwati ndi maphwando zinayima, ndipo maola a madzulo, pamene ochokera kuntchito amagula ndiwo, anadulidwa. Kuvuta kwa mayendedwe kunachititsanso kuti katundu wochokera ku Angónia nthawi zina azifika mochedwa. Alimi akumudzi anaona mbali inayo ya vuto lomweli: katundu wosachedwa kuwonongeka akasowa wonyamula kapena wogula, mlimi amagulitsa pamtengo uliwonse umene wapatsidwa.

Pamene ndalama zolowa zinkachepa, zotuluka zinkakwera. Ana anayi okhala pakhomo tsiku lonse amadya kwambiri kuposa ana opita kusukulu. TV ikayaka kuyambira m'mawa, magetsi a Credelec amatha msanga. Sopo ndi madzi osamba m'manja zinawonjezeka. Pamwamba pa izi panabwera ndalama ya mamega ndi ya fotokope. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chinali chachikulu pachokha, koma zikaphatikizana pakutha pa mwezi zinkafika pa ndalama yoti n'kugula thumba la ufa.

Njira zimene sukulu inafikira pakhomo

Unduna wa zamaphunziro, umene nduna yake pa nthawiyo inali Carmelita Namashulua, unakonza njira zingapo zoti ana asaiwale sukulu. Yoyamba inali pulogalamu ya Telescola pa kanema wa TVM, pamene mphunzitsi ankaphunzitsa pabolodi ana akuonera kunyumba. Yachiwiri inali maphunziro a pawailesi, kudzera pa Rádio Moçambique ndi mawailesi a m'madera. Yachitatu inali mapepala a ntchito, amene aliyense ankawatchula kuti mafisha: aphunzitsi ankalemba mafunso ndi zofotokozera, makolo n'kukatenga kusukulu, ana n'kuyankha kunyumba, kenako makolo n'kubweza kuti akachongedwe. M'mizinda aphunzitsi ena anatsegulanso magulu a WhatsApp a makalasi awo.

Njira iliyonse inali ndi chofunika chake pakhomo. TV imafuna magetsi, ndipo kalembera wa 2017 anasonyeza kuti m'dziko muno nyumba pafupifupi imodzi yokha mwa zisanu ndi imene inkaunikira ndi magetsi. WhatsApp imafuna foni yamakono ndi mamega, pamene kalembera yemweyo anapeza kuti ogwiritsa ntchito intaneti sankakwana munthu mmodzi mwa anthu khumi. Wailesi imafuna mabatire kapena kasola, komanso kuti mwana akhale pakhomo pa ola la phunzirolo. Mafisha amafuna kholo loti liyende ulendo wa kusukulu kawiri, ndipo pamene mapepala anali osakwanira, kholo linkayenera kulipira fotokope. Choncho banja la ku Matema, ngakhale linkadandaula, linali m'gulu la ochepa amene njira zonsezi zinkawafikira.

Foni imodzi, ana anayi

Masabata oyambirira m'nyumbamo munali mikangano. Mtsikana wa kalasi 12 ankafuna foni kuti atsitse zimene aphunzitsi a masamu ndi fizikisi atumiza. Bambo ankaifuna pa ntchito yawo, ndipo tsiku lopita ku ofesi ankanyamuka nayo. Mnyamata akaigwira, mamega ankathera pa mavidiyo a mpira. Wamng'ono ankalira TV ikachotsedwa pa zojambula za ana n'kuikidwa pa phunziro limene iye sankalimva. Tebulo linali limodzi lomwelo lodyera, ndipo masana nyumba ya malata mumzinda wa Tete si malo oti munthu angakhazikike n'kuwerenga.

Chimene chinathetsa phokoso chinali pepala lomatidwa kukhoma, lolembedwa maola. Kuwerenga kunaikidwa m'mamawa kusanatenthe, ana atatha kusesa ndi kutsuka mbale. Foni inkaperekedwa kwa wamkulu madzulo bambo akamaliza nayo. Iye ankatsitsa zonse nthawi imodzi, n'kuzimitsa intaneti, n'kukopera m'kope. Mafisha ankakatengedwa ndi bambo pa masiku amene anali kunyumba. Ana akuluakulu awiri aja anapatsidwa udindo wokhala ndi wamng'ono theka la ola tsiku lililonse, kumuwerengetsa zilembo ndi manambala. Dongosolo limeneli silinasandutse nyumba kukhala sukulu, komabe linachititsa kuti tsiku lisadutse mwana asanatsegule kope.

Ana sanapindule mofanana. Wa kalasi 12 ankadziwa kale kuwerenga payekha ndipo ankaopa mayeso, choncho anapita patsogolo ngakhale masamu ena anamukanika popanda womufotokozera. Wa kalasi 7 ankadzaza mafisha mothamanga kuti apite kukasewera, ndipo popeza mapepalawo ankachedwa kubwerako atachongedwa, sankadziwa pamene walakwitsa. Wovutika kwambiri anali wa kalasi 2. Mwana amene sanadziwebe kuwerenga sangaphunzire ndi pepala, chifukwa pepalalo limafuna kuwerengedwa kaye. Amafunika munthu wokhala naye pafupi, womuloza chilembo ndi chala n'kumuuza kuti abwereze. M'mera mpoyamba, ndipo miyezi imene anataya ana a msinkhu umenewu ndi imene inavuta kwambiri kuibweza.

Nkhani ya chilankhulo

Panalinso vuto lina limene silinkatchulidwa kawirikawiri. Maphunziro a pa TV ndi mafisha ambiri anali m'Chipwitikizi. Mumzinda ana amachimva mumsewu ndi pamsika, ndipo makolo ambiri amachilankhula. Kumudzi mwana amakula ndi Chinyanja kapena Chinyungwe, n'kukakumana ndi Chipwitikizi pakamwa pa mphunzitsi. Mphunzitsiyo akachoka, pepala limatsala lopanda womasulira. Makolo ambiri amene sanapite patali ndi sukulu ankalandira mafisha n'kungowasunga, poganiza kuti iwo alibe chothandiza nacho.

Chigawo cha Tete chili ndi mbiri yake pa nkhani imeneyi. Pakati pa 1993 ndi 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m'chilankhulo chawo pamodzi ndi Chipwitikizi, pa ntchito yotchedwa PEBIMO, ndipo inachitikira m'zigawo ziwiri: ku Gaza m'Chichangana ndi ku Tete m'Chinyanja. Kuyambira 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri anayamba kulowa m'sukulu zina za boma. Maganizo ake ndi osavuta kumva: mwana amagwira msanga kuwerenga m'chilankhulo chimene amalankhula, ndipo luso limenelo amapita nalo ku chilankhulo chachiwiri. Izi zikutanthauza kuti kholo limene likuwerengetsa mwana buku la nyimbo za kutchalitchi, Baibulo kapena kapepala ka malangizo a feteleza m'Chinyanja likumuthandiza pa sukulu yake, ngakhale lisakudziwa Chipwitikizi.

Mwana amene anabwerera kumudzi

Kumapeto kwa Epulo, zitaoneka kuti sukulu sizitsegulidwa msanga, banjali linagwirizana kuti mtsikana wa kalasi 9 abwerere kwa mayi ake ku Dómuè. Zifukwa zake zinali zomveka. Mumzinda chakudya chinkagulidwa ndi ndalama, pamene kumudzi inali nyengo yokolola ndipo manja ankafunika. Anthu ankakhulupiriranso kuti matendawa ndi a m'tauni. Mabanja ambiri a mumzinda wa Tete ndi ku Moatize anachita chimodzimodzi ndi ana a abale awo.

Atafika kumudzi sukulu inathera pomwepo. Kunalibe magetsi, mafisha a sukulu yake anatsala ku Tete, ndipo wailesi ya pakhomo inkapita kumunda kapena kudimba ndi akuluakulu. Tsiku lake linadzaza ndi kukolola chimanga, kumenya nyemba ndi soya, kutunga madzi ndi kulera ana. Palibe cholakwika kuti mwana athandize makolo pa nthawi yokolola. Vuto linali lakuti kukolola kutatha panabwera kutonola, kenako dimba, kenako kusosa, ndipo panalibe tsiku lodziwika loti ntchito ithe abwerere kusukulu. Pofika mwezi wa Ogasiti kunyumbako kunayamba kufika anthu odzafunsira mbeta, ndipo achibale ena ankati mtsikanayo wakula, sukulu yatsekedwa, palibe chodikira.

Nkhaniyi inafika ku Matema pafoni. Pa mwambo wa kumeneko malume ali ndi mawu pa ukwati wa mwana wa mlongo wake, ndipo bambowo anagwiritsa ntchito udindo umenewo. Anauza achemwali awo kuti mwanayo dzina lake lidakali m'kaundula wa sukulu, kuti boma silinathetse chaka, ndiponso kuti zaka zake sizinakwane. Anatumiza ndalama ya ulendo pa M-Pesa ndipo mtsikanayo anabwerera mumzinda. Anali atakhala miyezi inayi osagwira kope, koma anabwerera. Anzake ena a m'mudzimo, amene analibe wowayankhulira, sukulu zitatsegulidwa sanaonekenso.

Lamulo linali kumbali ya mwanayo. Mu 2019 Mozambique inakhazikitsa lamulo nambala 19/2019 loletsa maukwati a ana, limene limati munthu wosakwana zaka 18 sangakwatire kapena kukwatiwa, ndipo limapereka chilango kwa wamkulu wokwatira mwana komanso kwa makolo, ankhoswe kapena atsogoleri ololeza zimenezo. Kuyambira kumapeto kwa 2018 mtsikana woyembekezera sakakamizidwanso kusamukira ku makalasi a usiku monga zinalili kale. Ali ndi ufulu wopitiriza masana ndi anzake. Nambala ya 116 ya Linha Fala Criança ndi yaulere, ndipo mwana kapena munthu wamkulu angayimbe kukanena za nkhanza kapena ukwati wokakamiza.

Kutsidya kwa malire

M'madera ngati Calómuè, Biri-Biri ndi Zóbuè, malire ndi msewu kapena mzere wa mitengo, ndipo ana ena a mbali ya Mozambique amaphunzira sukulu za ku Malawi chifukwa ndi zimene zili pafupi. Nawonso sanapulumuke. Malawi inatseka sukulu tsiku lomwelo la 23 Malichi 2020, n'kutsegulira makalasi olemba mayeso pa 7 Seputembala ndi ena onse pa 12 Okutobala. Zambia inatseka pa 20 Malichi, ndipo makalasi a mayeso anabwerera pa 1 Juni. Mabanja okhala ndi ana mbali zonse ziwiri ankaona wina akuvala yunifolomu pamene mnzake wa nyumba yomweyo akadali pakhomo.

Ku Malawi, kafukufuku wa boma wa chaka chomwecho anapeza kuti pa miyezi imene sukulu zinali zotseka atsikana pafupifupi 40,000 anatenga pakati ndipo kunachitika maukwati a ana pafupifupi 13,000. Midzi ya ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza ndi ya Angónia, Tsangano ndi Moatize imalima mbewu zofanana, imagula pamisika imodzi ndipo imakwatirana. Chiwerengero chimenechi chikusonyeza chimene sukulu imachita kuwonjezera pa kuphunzitsa: imapatsa mtsikana malo oti akhaleko tsiku lililonse, ndipo imapatsa makolo yankho kwa odzafunsira.

Kubwerera m'kalasi

Boma la Mozambique linatsegula sukulu pang'onopang'ono. Mayunivesite ndi sukulu zophunzitsa aphunzitsi zinayamba mu Ogasiti 2020. Kalasi 12 inabwerera pa 1 Okutobala, kalasi 10 pa 19 Okutobala, ndipo kalasi 7 pa 2 Novembala. Awa anali makalasi olemba mayeso a boma pa nthawiyo, ndipo mayeso awo anakankhidwira kumayambiriro kwa 2021. Sukulu inkayenera kukhala ndi madzi, malo osambira m'manja ndi zimbudzi zabwino kuti iloledwe kutsegula, ndipo apa mpamene zinaonekera poyera kuti sukulu zambiri zakhala zaka zilibe zimenezi. Ana a makalasi opanda mayeso anauzidwa kuti apita kalasi yotsatira popanda kulemba kanthu.

Ku Matema, mtsikana wamkulu ndi mnyamata anabwerera chaka chisanathe, akuphunzira m'nyengo imene kutentha mumzinda wa Tete kumapitirira madigiri 40, atavala zotchinga pakamwa. Wamng'ono ndi msuweni wake anadikira mpaka Malichi 2021. Wamng'onoyo analowa kalasi 3 atangokhala kalasi 2 masabata ochepa chabe. Chifukwa cha theka la ola lija ankatha kulumikiza zilembo n'kuwerenga mawu afupiafupi, pamene anzake ambiri anali ataiwala ngakhale kulemba dzina lawo. Makalasi anagawidwa m'magulu ang'onoang'ono osinthana masiku, moti mwana ankakumana ndi mphunzitsi masiku ochepa pa sabata. Mphunzitsi ankayenera kuphunzitsa za kalasi ziwiri m'nthawi yosakwana ya kalasi imodzi.

Katemera anayamba kuperekedwa pa 8 Malichi 2021, kuyambira ndi ogwira ntchito zachipatala. Koma pakati pa chaka matenda anakweranso ndi mtundu wa Delta, ndipo Tete inali m'gulu la zigawo zimene zinakhudzidwa msanga. Mu Julayi 2021 sukulu za mumzinda wa Tete ndi mizinda ina zinatsekedwanso kwa masabata angapo. Ulendo uno banja la ku Matema silinatumize mwana aliyense kumudzi, ndipo pepala la maola linabwerera kukhoma tsiku lotsatira.

Zimene mabanja angatolepo

WHO inalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 si ngozi ya dziko lonse monga kale. Koma sukulu zimatha kutsekeka pa zifukwa zina. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize, n'kusiya mabanja ambiri opanda nyumba. Madzi osefukira, kolera ndi mphepo yosasula madenga zimachititsa ana kukhala pakhomo masabata kapena miyezi. Zimene zinathandiza pa nthawi ya mliri zingathandizenso pamenepo, ndipo zambiri sizifuna magetsi kapena foni yamakono.

Choyamba ndi ola lodziwika. Mwana amene akudziwa kuti m'mawa uliwonse, kapena akangobwera kumunda, pali nthawi ya kope saiwala kuti ndi mwana wa sukulu. Ola limodzi tsiku lililonse limaposa tsiku lathunthu kamodzi pa mwezi. Pa nyengo yokolola, banja lingagwirizane kuti ana aziweruka kumunda msanga kuposa akuluakulu.

Chachiwiri ndi kusunga mabuku ndi makope akale. Mabuku a pulayimale amene boma limagawa, makope a chaka chatha a mkulu wake, ngakhale kalendala yakukhoma, zonsezi ndi zowerenga. Zisungidwe m'thumba la pulasitiki pamalo okwera, kutali ndi chiswe ndi madzi. Mwana wopita kumudzi kuchokera m'tauni anyamule mabuku ake pamodzi ndi zovala.

Chachitatu ndi kuyang'anira wamng'ono. Mabanja ambiri anaika mphamvu zonse pa mwana wolemba mayeso n'kuiwala wa kalasi 1 kapena 2, poganiza kuti iye nthawi akadali nayo. Kholo losadziwa kuwerenga lingathe kumuuza mwana kuti awerenge mokweza, kumufunsa kuti afotokoze zimene wamva, kapena kumuwerengetsa zitini za chimanga ndi ndalama za pamsika. Mwana wamkulu wa pakhomo kapena wa nyumba yoyandikana angakhale mphunzitsi wa theka la ola. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mabanja atatu kapena anayi angathe kugwirizana pa wailesi imodzi ndi mabatire ake, ngati malamulo a zaumoyo a nthawiyo akulola ana kukhala pamodzi panja.

Chachinayi ndi kusataya mphunzitsi. Makolo akhale ndi nambala ya mphunzitsi kapena ya mkulu wa sukulu, ndipo afunse kumene mapepala a ntchito akupezeka ndi tsiku lobweza. Komiti ya sukulu, mafumu ndi asekeretale a madera angathe kusankha munthu mmodzi wa njinga woti azikatengera mudzi wonse. Sukulu ikatsegulidwa, anthu omwewa ayende khomo ndi khomo ndi mndandanda wa mayina kuti aone amene sanabwerere, makamaka atsikana ndi anyamata amene apita kuganyu ya fodya, kukaweta ng'ombe kapena kukagulitsa malonda pachipata.

Chomaliza ndi cha mabanja amene ana awo akusungidwa ndi abale m'tauni. Kubweza mwana kumudzi pa nthawi yovuta nthawi zina sikungapeweke. Koma akamanyamuka, mbali zonse ziwiri zigwirizane tsiku lobwerera ndi amene adzalipire ulendo. Makolo akumudzi angathandize osunga mwanayo ndi thumba la chimanga kapena nyemba, chifukwa kawirikawiri chimene chimabweza mwana ndi chakudya. Banja la ku Matema ndi abale awo a ku Dómuè anagwirizana zimenezi mu 2021, ndipo thumba linkabwera pa galimoto yomweyo yonyamula kachewere wa mayi aja. Mtsikanayo anakhalabe mumzinda mpaka anamaliza kalasi 12.